Mng'alu Umene Ndinaubisa ndi Penti

Tsiku limene ndinanyamuka kupita ku Joni mkazi wanga sanalire. Anandiperekeza mpaka ku depoti ya mabasi ku Old Town, mwana ali kumsana, n'kundipatsa kajumbo ka mtedza wokazinga. Kenako anakaima chapatali, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Basi itayamba kuyenda ndinamuona akumanga bwino nsalu yoberekera, maso ali pansi. Mwanayo, Mphatso, anali ndi zaka ziwiri, ndipo anali m'tulo.

Ntchito yanga inali yowotcherera zitsulo. Ku Area 1 ndinkapanga mafelemu a zitseko ndi a mawindo, mageti, nthawi zina mbaula, pansi pa kachisakasa ka malata m'mbali mwa msewu. Magetsi akazima tinkangokhala pa benchi kumayang'ana anthu odutsa. Anzanga amene anatsogola ku Joni ankabwera pa Khirisimasi atavala majekete achikopa. Ndinauza mkazi wanga kuti ndikakhalako zaka ziwiri zokha, timange nyumba, ndibwerere. Ndinakhalako zaka khumi ndi zitatu.

Za miyezi yoyamba chimene ndimakumbukira kwambiri ndi kuzizira. Sikuli ngati kwa mu Juni kwathu kuno. Kumeneko kumalowa mpaka m'mano. Tinkagona asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi cha malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wa komweko, pa makatoni, nsapato zili kuphazi. M'mawa tinkakaima pa mphambano kudikira aliyense wofuna anthu okumba maenje kapena otchetcha kapinga. Tikaona galimoto ya apolisi aliyense ankalowera kwake, poti masiku a m'pasipoti anali atatha kalekale. Ndikaimba foni kunyumba ndinkanena kuti zonse zili bwino.

A Mkandawire ndinakumana nawo kutchalitchi. Amalawi tinkasonkhana Lamulungu m'kalasi ya sukulu ina, a mipingo yosiyanasiyana, n'kumaimba nyimbo zakwathu. Iwo anali bambo wachikulire wa ku Rumphi, wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, wolankhula Chichewa chomveka kuti ndi cha munthu wakumpoto. Titatuluka anandipatsa moni wa padzanja, koma dzanjalo sanalisiye. Analitembenuza n'kuyang'ana tizipsera ta moto tomwe tinali mbwee mpaka m'chigongono.

"Manja awa ndi a wowotcherera," anatero. "Ukugwira kuti, mphwanga?"

"Ndikutchetcha kapinga, bambo."

"Kapinga? Mawa mamawa undidikire pano pa geti la sukulu. Ndikakuonetsa kwa bwana wanga."

Iwo ankagwira pa galaja yokonza magalimoto ochita ngozi, makamaka mapikapu, amene kumeneko amawatcha mabaki. Ena ankawongola mabodi, ena ankapenta. Ntchito ya a Mkandawire inali chasisi. Kwa amene sanalowepo pansi pa pikapu: chasisi ndi zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero ogonekedwa. Injini, kabini, bodi yonyamulira katundu, masipiring'i, zonse zimakhala pamenepo. Galimoto ikawombana anthu amaona galasi losweka ndi chitseko chophwanyika. A Mkandawire ankagona pa katoni n'kulowa pansi.

Sabata yoyamba sanandilole kugwira makina owotcherera. Anandipatsa tepi yoyezera ndi choko. Ndinkayeza kuchokera pa bowo la kutsogolo kumanzere mpaka pa bowo la kumbuyo kumanja, kenako kusinthanitsa. Miyeso iwiriyo ikasiyana, ndiye kuti chasisi yapotoka. Ndikawauza nambala, ankanena kuti, "Yezanso." Ndikayezanso n'kupeza yomweyo, ankangogwedeza mutu n'kuilemba pa khoma.

Pang'onopang'ono anandionetsa zonse. Chitsulo chikangopindika pang'ono, umachikoka ndi tcheni ndi jeke chili chozizira, mosathamanga, mpaka chibwerere m'malo. Koma chikakwinyika ngati pepala lofinyidwa, kapena chikachita mng'alu, palibenso zokoka. Umadula gawo lonselo n'kulitaya. Umakafuna chidutswa cha pikapu ya mtundu womwewo kumasikirapu, kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto ophwanyika. Podula sumadula mowongoka. Umadula mopendeketsa kuti msoko ukhale wautali, katundu asalemere pamalo amodzi. Umapala m'mphepete, n'kugwiriza ndi timadontho tinayi, n'kuyezanso. Kenako umawotcherera pang'ono uku, pang'ono uko, kuti kutentha kusakoke chitsulo. Pomaliza umamatapo chigamba cha chitsulo chosongoka mbali ziwiri, chodutsa msoko wonse.

"Nanga kungotenthetsa ndi gasi n'kuwongola?" ndinafunsa tsiku lina. "Magalaja ena amatero. Tsiku limodzi yatha."

Anaika sipanala pansi. "Chitsulo ichi ukachifiiritsa chimataya mphamvu, ndipo sichibwereranso. Ukapaka penti chioneka chatsopano. Mwini wake akweza ana ake kumbuyoko. Ine zimenezo sindichita, ndipo iwe ukakhala pansi panga suchita."

Patapita miyezi ingapo anandiuza kuti ndisamukire m'chipinda chawo. Chinali chaching'ono, cha njerwa, chokhala ndi mabedi awiri ndi kawindo koyang'ana njanji. Tinakhalamo zaka zisanu. Tinkaphika mosinthana, ngakhale iwo ankadandaula kuti ndimathira mchere ngati ndikufutsa nsomba. Loweruka ankandimeta pabwalo. Ankawerenga Baibulo lawo la Chitumbuka mokweza, ndipo ine ndinaphunzira mawu ambiri osafuna n'komwe. Nthawi ina ndinadwala chibayo. Anandibereka kumsana, munthu wamkulu ngati ine, mpaka pa msewu pokwerera takisi. Kumathero a mwezi tinkapitira limodzi kokwerera mabasi a ku Malawi kukapereka kwa madalaivala zotumiza kunyumba: mabulangete, nsapato za ana, ka envelopu. Iwo anali kuphunzitsa mwana wawo wamkazi, Lusungu, amene pambuyo pake anapeza ntchito m'boma ku City Centre. Chithunzi chake atavala mkanjo wa ku yunivesite chinali pa khoma pamwamba pa bedi lawo.

Akazi awo anamwalira ku Rumphi m'chaka chathu chachisanu. Uthenga unawapeza ali pansi pa galimoto. Anatuluka, anasamba m'manja kwa nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndiwathandize kulongedza. Anapita kwa masabata atatu.

M'masabata amenewo ndi mmene pikapu ya pa galaja pathu inachita ngozi. Inali yoyera, yakale, yomwe tinkatengera ma injini ndi magiyabokosi kumasikirapu. Lole inaiwomba kumbuyo pa maloboti. Nditachotsa bodi ndinapeza kuti chitsulo cha kumanzere chakwinyika kuseri kwa kabini, ndipo panali mng'alu wotalika ngati chala changa.

Ndinapita kwa bwana. Ndinamuuza kuti gawolo lifunika kudula, ndipo chidutswa chake chifunika kukasaka. Ntchito ya masiku anayi kapena asanu.

"Ndikuifuna mkuja," anatero, osadzutsa mutu pa desiki. "Tenthetsa, koka, wotcherera."

"Bwana, a Mkandawire salola zimenezo."

Apo ndiye anandiyang'ana. "Mkandawire ali kuno? Tapita ukaone pa geti, pali anthu angati akufuna ntchito yakoyo. Ndiponso za mapepala ako ndimazidziwa."

Ndinabwerera ku pikapu. Nthawi imeneyo nyumba yathu kuno inali itafika pa mawindo, ndipo Mphatso anali atayamba sukulu. Sindikunena izi kuti ndidzichotse mlandu. Ndikungonena zomwe zinali m'mutu mwanga pamene ndinkayatsa gasi. Ndinatenthetsa chitsulo mpaka chinafiira ngati khala. Ndinachikoka, chinabwerera mofewa, mosavuta konse. Ndinawotcherera pamwamba pa mng'alu, ndinapala ndi gulayinda mpaka panasalala, n'kupaka penti wakuda. Nditayeza, miyeso inafanana. Bwana anandisisita paphewa.

A Mkandawire anabwera ataonda, maso atalowa. Tsiku loyamba kuntchito anaima pafupi ndi pikapu ija n'kuona bampala yatsopano.

"Inachita ngozi?"

"Eya. Lole inaiwomba kumbuyo."

"Chasisi?"

"Inakwinyika kumanzere. Ndinakonza ndine."

"Unadula?"

Anafunsa mwachizolowezi chabe, akufunafuna makiyi a kabati yawo m'thumba. Ndinali ndi mpata wonse wowauza. Tinali awiriwiri.

"Ndinadula," ndinatero.

"Wachita bwino, mphwanga." Anapitirira. Galimoto ina iliyonse ankalowa pansi kukaona okha. Imeneyi sanalowe, chifukwa ndinali nditawauza ine.

Ndinadziuza kuti ndidzaikonza bwino ikadzapeza mpata. Mpatawo sunapezeke, pikapu inali pa msewu tsiku lililonse. Sabata inatha, mwezi unatha, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina a Mkandawire amangokokomeza. Patapita miyezi inayi dalaivala wathu anadwala, ndipo bwana anatuma a Mkandawire kukatenga ma injini awiri kutauni ina. Pobwerera, pamalo otsetsereka, chasisi inathyoka kuseri kwa kabini. Galimoto inapindika pakati, inasiya msewu n'kugubuduzika.

Sanafe. Msana ndi umene unathyoka. Kuyambira m'chiuno kutsika pansi sankamvanso kanthu.

Apolisi analemba kuti galimoto inanyamula katundu wopyola muyeso. Bwana anavomera msangamsanga. Chophwanyikacho anachikokera kuseri kwa galaja, ndipo chisanagulitsidwe kumasikirapu ndinapita kukachiona ndekha pa nthawi ya nkhomaliro. Chinathyokera pa msoko wanga penipeni. Penti anali akadali wonyezimira mbali zonse ziwiri.

Kuchipatala ndinkapita tsiku ndi tsiku ndikaweruka. Ndinkawasambitsa, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuwadyetsa. Amalawi anzathu kutchalitchi ankanditchula m'mapemphero ngati chitsanzo cha chikondi cha pa abale. Lusungu atabwera pa ndege kudzawatenga, anandigwadira m'khonde la chipatala, mayi wophunzira, wovala bwino, n'kunena kuti, "Ankolo, zimene mwawachitira adada Mulungu yekha ndiye akudziwa." Ndinayang'ana kumbali. Iye anaganiza kuti ndi manyazi a munthu wodzichepetsa.

Pa galaja ija ndinachoka mwezi womwewo. Ndinakhalabe ku Joni zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndikusinthasintha magalaja. Kawiri konse anandichotsa ntchito chifukwa chokana kutenthetsa chasisi. A Mkandawire ankandiimbira foni kuchokera ku Lilongwe, kundifunsa za anzathu, za kuzizira, za amene akugona pa bedi lawo. Ndinkayankha mwachidule. Kenako foni yanga inabedwa, ndipo nditagula ina sindinawapatse nambala. Kunyumba ndinkanena kuti ndibwera chaka chamawa. Amayi anga anamwalira kumudzi ku Mitundu, ndinamva mwambo wa maliro awo pa foni, nditakhala pa tayala kuseri kwa galaja. Chimene chinandibweza ndi maso. Anayamba kutuluka misozi ndikangoyang'ana kuwala, ndipo ndinaopa kudzachita khungu m'dziko la eni.

Nyumba ndinaipeza yomalizidwa, yokhala ndi magetsi, yopakidwa mtundu umene sindinasankhe. Mkazi wanga anali ndi benchi yake ya kaunjika kumsika wa pafupi ndi mlatho, ndipo amayi anzake ankamufunsa nzeru. Ankadzuka, kupereka malangizo, kutseka zitseko, zonse mwa dongosolo lomwe ine sindinkalidziwa. Mphatso anali namwali wa ku sekondale. Anandigwadira n'kundipatsa moni ngati mlendo wochokera kumpingo, ndipo ndikalowa pabalaza ankatsitsa wailesi n'kutuluka. M'nyumba yomwe malata ake ndinatumiza ndine ndinkafunsa kuti makapu amakhala pati. Palibe amene anandichitira mwano. Anali atangozolowera kukhala popanda ine.

Ndinapeza malo pa galaja ina kuseri kwa Malangalanga, n'kuyambiranso ntchito ya chasisi, nditavala magalasi. Ndinkadziwa kuti a Mkandawire ali ku Area 47 kwa mwana wawo. Minibasi yopita kumeneko ndinkaiona tsiku lililonse. Sindinaikwere.

Anandipeza ndi Lusungu. Masana ena ndinatuluka pansi pa galimoto n'kuona nsapato za mu ofesi zitaima pa dothi la mafuta.

"Ankolo, mpaka tichite kumva kwa anthu a kutchalitchi kuti munabwera?"

Ndinayamba kupereka zifukwa, koma anandidula mwaulemu. Anati pikapu ya amuna ake, yomwe ankatutira chimanga ndi feteleza kumunda kwawo ku Mchinji, inawombana ndi minibasi. Palibe amene anavulala, koma chasisi inakwinyika kutsogolo. Galaja ina inawauza kuti ingotenthetsa n'kuwongola.

"Adada atamva anakalipa nyumba yonse. Akuti m'tauni muno muli munthu mmodzi yekha amene angagwire galimoto imeneyi. Akuti mudzakonzere pakhomo pomwepo, iwo azionerera. Chonde, ankolo. Chichokereni ku Joni sindinawaonepo akufuna chinthu chonchi."

Ndinapita Lolemba. Nyumba ya Lusungu inali ya mpanda wa njerwa, ya kapinga wometedwa bwino ndi mtengo wa mapeyala pakati pa bwalo. Pikapu inali pansi pa mtengowo. A Mkandawire anali pakhonde pa njinga ya olumala, bulangete lili pa miyendo. Mutu wonse unali woyera. Mapewa aja amene anandibereka anali atatsala mafupa. Atandiona anatambasula manja onse awiri.

"Mchewa wanga! Wathira mchere wa dziko lonse la Joni, watha, ndiye wabwera?"

Ndinagwada pafupi ndi njingayo. Anandigwira mutu n'kulira, ine ndinaliranso, aliyense ndi chifukwa chake.

Masiku awiri oyamba anali ngati akale. Lusungu ndi amuna ake ankapita kuntchito m'mawa, ife n'kutsala pabwalo. Ndinachotsa bampala, rediyeta, mawaya ndi mapaipi a mabuleki, ndinakweza injini pa tcheni. Ndinkayeza, iwo n'kumalemba m'kabuku kali pa bondo. "Yezanso," ankatero, akuseka. Chidutswa ndinakachipeza kumasikirapu a ku Biwi, ndipo anachiyang'ana mbali zonse, kuchigogoda ndi sipanala, asanachivomere. Lachitatu m'mawa ndinalemba mzere wopendekera ndi choko, ndinadula, gawo lokwinyika linagwa pansi. Ndinalitola n'kuwapatsa. Analigwira nthawi yaitali, akusisita pokwinyikapo.

"Ukudziwa, mphwanga," anatero, "zaka zonsezi pali chinthu chimandisowetsa mtendere. Ma injini awiri aja. Munthu wa kumasikirapu anandiuza kuti nditenge imodzi, ina ndidzabwerere mawa. Ine ndinati ayi, galimoto iyi ndikuidziwa, chasisi yake yangokonzedwa kumene. Ndinafuna kupulumutsa ulendo umodzi. Ndikaona mwana wanga akundinyamula kupita kubafa, mkamwini akundisintha zovala, ndimati Mkandawire, miyendo unadzidula wekha chifukwa cha liuma. Ndapempha Mulungu kuti andikhululukire, koma ine mwini ndalephera kudzikhululukira."

Gulayinda inali ikadali m'manja mwanga. Ndinaiika pansi. Ndinavula magalasi. Ndinakhala pa dothi, patsogolo pa njinga yawo.

"Bambo, si ma injini."

"Ukuti bwanji?"

"Chasisi ija sindinadule. Bwana anandikakamiza, ine ndinavomera. Ndinatenthetsa mpaka inafiira, ndinakoka, ndinawotcherera pamwamba pa mng'alu, n'kupaka penti. Itathyoka ndinapita kukaona. Inathyokera pomwepo."

Kunja kwa mpanda munthu wogulitsa makala ankadutsa akuitanira. Mawu ake anamveka mpaka anazimiririka, gawo lokwinyika lija likadali pa miyendo yawo.

"Ndinakufunsa," anatero potsiriza, motsitsa mawu.

"Munandifunsa."

"Unati chiyani?"

"Ndinati ndinadula."

"Ukanandiuza, tikanayamba kuidula tsiku lomwelo. Bwana uja ndikanalimbana naye ndine. Masiku anayi okha." Anapuma movutikira. "Za bwanayo sindikudabwa, ndinkamudziwa. Za mantha akonso sindikudabwa, tonse tinali ndi mantha kumene kuja. Koma unandiyang'ana kumaso. Kenako unandisambitsa miyezi iwiri, pakamwa pali potseka. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudzitukwana, iwe ukudziwa."

"Ndikhululukireni, bambo."

"Usandipemphe zimenezo lero. Choka."

Ndinanyamuka, zida ndinazisiya pomwepo. Ndinayenda wapansi kuchokera ku Area 47 mpaka kunyumba, osaona n'komwe kuti ndadutsa pati. Mkazi wanga atabwera kuchokera kumsika anandipeza nditakhala pakhonde dzuwa likadalipo, chinthu chimene sichinachitikepo. Anatula chikwama chake n'kukhala pa sitepe. Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa gasi mpaka pa mawu akuti choka. Aka kanali koyamba chibwerereni kuti ndimuuze chinthu chochokera pansi pa mtima. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye n'chifukwa chake simunkabwera," anatero. "Ine ndinkayesa muli ndi mkazi wina kumeneko." Kenako anafunsa: "Galimoto ya eni ake mwaisiya bwanji?"

"Yodula."

"Ndiye mawa mupite, bambo a Mphatso. Akakuthamangitsani, akuthamangitseni. Koma simungasiyire anthu galimoto yodula pabwalo."

M'mawa mwake ndinafika pa geti eni nyumba atapita kale kuntchito. Mayi wogwira ntchito m'nyumbamo ananditsegulira. A Mkandawire anali pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi pikapu, kabuku kali pa bondo. Ndinawapatsa moni. Sanayankhe. Ndinaima kwa kanthawi, kenako ndinatola gulayinda n'kuyamba kupala m'mphepete mwa chitsulo.

"Wapala pang'ono," anatero kumbuyo kwanga. "Onjezera kumunsiko."

Masiku awiri amenewo sanandiuze mawu ena kupatula a ntchito. Gwiriza. Yeza. Siya chizizire. Sanandiitane mphwanga, sanandiitanenso dzina lina lililonse. Nthawi ya nkhomaliro ankalowa m'nyumba, ine ndinkadyera pa bampala. Ndinawotcherera pang'onopang'ono, uku ndi uko, maso akutuluka misozi, mpaka msoko unatsekeka. Ndinadula chigamba, ndinachimata. Lachisanu masana miyeso inafanana, ndipo ndinatenga chitini cha penti.

"Ika pansi chimenecho," anatero. "Yala katoni. Undigoneke pansipo."

Ndinawanyamula. Anali opepuka ngati mwana wa sukulu. Ndinawagoneka chagada pa katoni n'kuikoka pang'onopang'ono mpaka mutu wawo unafika pansi pa msoko. Anapempha tochi. Anayendetsa chala pa msokowo kuyambira pamwamba mpaka pansi, kunja ndi mkati, kenako anabwerezanso. Anagogoda ndi kahamala, khutu lili pafupi. Anandiuza kuti ndiyeze iwo akuona manambala pa tepi ndi maso awo. Zinatenga pafupifupi ola lathunthu. Ine ndinagwada pambali, ndikuona miyendo yawo yowonda itatulukira kunja kwa galimoto, mapazi atagwera mbali imodzi.

"Ili bwino," anatero. "Nditulutse."

Nditawabwezera pa njinga n'kuwafunditsa bulangete, anandigwira mkono mwamphamvu.

"Kuyambira Lachitatu ndikugona tulo," anatero. "Ndikudabwa nazo, koma ndikugona. Katundu amene ndinasenza zaka zonsezi sanali wanga. Pa chimenecho chokha, yewo. Zinazo ndikadali kulimbana nazo, ndipo sindikulonjeza kanthu." Anandisiya mkono. "Koma pali munthu wina. Mwana wanga anakugwadira kuchipatala. Amandinyamula tsiku ndi tsiku, anakana ntchito yabwino kunja chifukwa cha ine. Afika posachedwa. Umuuze wekha. Ine sindikuthandiza."

Ndinapaka penti, ndinasamba m'manja pa mpopi wa panja, n'kukhala pa sitepe kudikira. Lusungu anafika cha m'ma faifi, akuseka, atanyamula jumbo ya zakumwa zoti tisangalalire kutha kwa ntchito. Ndinamupempha kuti akhale pansi. Ndinalankhula ndili chogwada. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono. Atamva zonse anayang'ana bambo ake, iwo anagwedeza mutu kuvomereza kuti ndi zoona. Sanakuwe, sanatukwane. Anaimirira, anatola jumbo yake ija, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Pikapu ija ikuyendabe. Ndimakumana nayo nthawi zina pa msewu wa Mchinji itadzaza matumba. Patatha mwezi a Mkandawire ananditumizira uthenga kudzera kwa mkamwini wawo kuti tsitsi lawo lakula ndipo ometa a masiku ano sadziwa ntchito. Kuyambira pamenepo ndimapita Loweruka lililonse masana ndi lumo ndi sizasi. Masiku ena amacheza, amafunsa za magalimoto amene ndikukonza, amatsutsa mmene ndadulira. Masiku ena amangokhala duu mpaka ndimalize, n'kunena kuti ndizipita. Mawu akuti ndakukhululukira sanawanenepo, ndipo ine sindinawapemphenso.

Lusungu sanandilankhulepo mpaka lero. Mawu akuti ankolo anathera tsiku lija. Ndikafika amalowa kuchipinda, ndipo satuluka mpaka nditachoka. Loweruka wantchito wawo sabwera, amuna ake amakhala ali kumunda, choncho pakhomo pamatsala iye ndi bambo ake basi. Ndikagogoda ndimamva mapazi ake akubwera pa simenti. Amaima kuseri kwa geti kanthawi ndithu, ine ndili kunja ndi kachikwama kanga. Kenako ndimamva loko akutsegulidwa.